Amene Ankaveka Amayi

Mumzinda mwathu muno mukafunsa kuti mayi Herminia ndi ati, palibe angakuuzeni kuti ndi akazi awo a Anselmo aja anapuma pantchito ya sitima, kapena kuti ndi aja ankasoka madiresi a ukwati kuseri kwa msika, ngakhale zonsezo n'zoona. Aliyense amangoti, "Si aja oveka Amayi aja?" Akatero basi, mwawadziwa.

Amayi tikunenawo ndi Amayi Maria a m'tchalitchi chathu chachikulu, chija cha miyala yotuwa chimene makolo a makolo athu anamanga kalekale n'kutopera pa nsanja yachiwiri, imene mpaka lero idakali theka. Alendo amati chiboliboli. Ife sititero, ndipo amene watero pamaso pa mayi Herminia amakumbukira tsikulo. Amayiwo ankaima paguwa lawo kumanzere ukangolowa, atavala mwinjiro wolemera wopeta ndi ulusi wagolide, wotambalala mpaka pansi ngati belu. Chimene munthu ankaona ndi kankhope kakang'ono koderapo ndi utsi wa makandulo, manja awiri odzaza mphete, ndi Mwana pachifuwa. Zovala zinkasintha ndi nyengo: zakuda Lachisanu Loyera, zoyera pa Pasaka, ndipo zokongola kwambiri zinkadikira chikondwerero cha mu Seputembala, pamene amuna ankawanyamula pa machila n'kuzungulira nawo mzinda wonse.

Zovala sizidzivala zokha. Inali ntchito ya azimayi atatu, ndipo pomavekapo panalibe mwamuna woyandikira, kaya wansembe kaya ambuye bishopu eni ake. Mayi Herminia anailowa ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Amene anawasankha anali a Sagrario, mkulu wa ovekawo, mayi wowonda wa mawu ochepa, amene anaona masokedwe awo n'kunena kuti mwanayu ali ndi manja odziwa kukhala chete.

Tsiku loyamba a Sagrario anakhoma chitseko cha kachipindako, n'kukoleka epuloni pa bowo la kiyi, kenako anamulumbiritsa mtsikanayo kuti chimene aone sadzachinena kwa munthu, ngakhale kwa mwamuna wake pa pilo. Ndiye anayamba kuzula mapini. Mwinjiro unachoka, diresi linachoka, zamkati zoyera zinachoka chimodzichimodzi. Mwana anali wongokoleka pa kambedza. Manja a mphete aja anali omangira pa timitengo. Potsiriza panatsala chipika chachifupi cha mtengo wakale, chofumbwa, chokhazikidwa pa mitengo yopingasa kuti chioneke chachitali. Amene anawasema poyamba anawasema atakhala pampando, Mwana ali pamiyendo. Koma panabwera m'badwo wina wa anthu opembedza kwambiri umene unafuna Amayi oimirira ovala ngati mfumukazi, ndipo poti mawondo ankasokoneza diresi, anangotenga sowo. Anadula mawondo, anadula mikono, Mwana uja n'kumuchotsa. Mano a sowoyo ankaonekabe pa mtengopo.

Mtsikanayo analira mokweza.

"Lira lero, mwanawe, mawa usalirenso," anatero a Sagrario, mapini ali kukamwa. "Mayi wako ukamusambitsa sukalengeza kumsika zimene waona. Gwira apa."

Anagwira, ndipo anagwirabe mpaka tsitsi linayera, a Sagrario n'kupita ku nyumba ya okalamba, kiyi n'kutsala m'manja mwawo. Zaka zonsezo mayi Herminia ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chikhulupiriro cha mzinda uno chaima pa pakamwa pawo. Ankaona amayi akugwada kupempherera ana odwala, ankaona asilikali akudzatsanzika, ndipo mumtima ankati, anthuwa atadziwa zili kunsiku, adzagwadira ndani? Koma amene ankamudera nkhawa koposa anali Anselmo wawo. Iyeyu anali mmodzi wa onyamula machila, wa kutsogolo kumanja, ndipo phewa lake linachita kumera chotupa cholimba chimene ankachinyadira kuposa ana ake. Munthu wathyoka msana chonchi chifukwa cha mfumukazi, angamuuze bwanji kuti wakhala akunyamula chipika chodulidwa mawondo?

Anselmo anafunsapo kamodzi kokha, ukwati udakali wauwisi. Akudya anati, "Kodi iwe, kunsi kwa mwinjiro kuja kuli chiyani? Ali ndi nsapato?" Mayi Herminia anangonyamula mbale ya mphodza imene munthu anali asanamalize n'kukaipatsa galu wa oyandikana nawo. Funsolo silinabwerenso m'nyumbamo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china kunabwera mtsikana wochokera ku likulu, dzina lake Nerea, katswiri wosamalira zinthu zakale, atatumidwa ndi ambuye bishopu kuti aone zonse za m'tchalitchimo. Ataona zikho, mabuku ndi zojambula za m'makoma, anapempha kuona Amayi osavala. Akanakhala mwamuna nkhani ikanathera pakhomo. Koma anali mkazi, waulemu wake, ndipo mayi Herminia ataganiza anati mkazi mnzako sumubisira. Anakhoma chitseko, anakoleka epuloni, anazula mapini. Nerea ataona chipika chija anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Mayi Herminia anamusisita pamsana, n'kumati mwanayu ali ndi mtima wabwino. Sanadziwe kuti misoziyo inali ya munthu amene watola chikwama panjira.

Pasanathe miyezi ingapo, bambo mfumu Ulpiano, amene amayang'anira tchalitchicho, anawaitanitsa. Anawapatsa mpando wofewa ndi khofi, ndipo mayi Herminia anadziwiratu kuti pali zovuta, poti bambo mfumuwo sapatsa munthu khofi pachabe.

"Mayi, tili ndi nkhani yabwino," anayamba motero. "Akatswiri apeza kuti Amayi athu ndi akale kwambiri, pafupifupi msinkhu umodzi ndi tchalitchi chenichenichi. M'dziko muno otere alimo ochepa."

"Zimenezo ine ndikanakuuzani popanda akatswiri, bambo mfumu."

"Eya. Ndiye akuti utsi wa makandulo ukuwawononga. Kugwedezeka pa machila kukuwawononga. Komanso, pepani, mapini."

"Mapini a ndani?"

Bambo mfumu anayang'ana m'kapu mwawo. Anafotokoza kuti Amayi asamukira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, ija ili m'zipinda za kuseri kwa tchalitchi, ndipo paguwa padzaikidwa ena atsopano ofanana nawo ndendende nkhope.

"Kumeneko azikavala chiyani?"

"Kumeneko, mayi, azikaoneka mmene anawasemera."

"Anawasema ndi mawondo. Muwabwezera mawondowo?"

"Akatswiri sawonjezera kanthu. Amati mbiri izioneka yonse."

"Ndiye nenani bwinobwino kuti mukukawavula pagulu, anthu azilipira pakhomo. Inu mayi anu anamwalira ali ndi mwendo umodzi, ndinawasambitsa ndine. Ndikanaitana anthu a makamera mukanati ndi mbiri?"

Bambo mfumu Ulpiano anafiira mpaka m'makutu, koma zinthu zinali zitagamulidwa kale kumwamba, kumwamba kwa maofesi ndikutanthauza. Amayi anasamuka m'bokosi la thonje, atanyamulidwa ndi amuna ovala magolovesi oyera, mayi Herminia atatseka mawindo kunyumba kwawo.

Atsopanowo anafika osalala, opepuka, athunthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati zidole zoonetsera zovala m'sitolo. Mayi Herminia anawaveka, poti ntchito ndi ntchito, koma sanawalankhule ngakhale liwu limodzi, ndipo ankawatchula kuti mlendo. Kenako anakhala pansi kudikira kuti mzinda ugwedezeke.

Mzinda sunagwedezeke. Bambo mfumu analengeza nkhaniyo m'tchalitchi, koma analengeza pakati pa za denga lodontha ndi za ulendo wa achinyamata, nthawi imene aliyense amakhala akufufuza chipewa chake. Pa chikondwerero cha chaka chimenecho amayi a pamsika anawagwira dzanja mayi Herminia n'kumati, "Chaka chino mwawaveka bwino zedi, achita kubwerera utsikana!" Anyamata onyamula machila anati Amayi achita chozizwitsa, mapewa sakupweteka. Ena analumbira kuti anawaona akumwetulira pokhota pa mlatho. Ndinaliko, ndipo kunena zoona nane ndinaomba m'manja.

Nanga ku nyumba ya zakaleko? Apa ndiye pondikwiyitsa ine pa anthu a kwathu. Timakwera basi tsiku lonse kukaima pamzere kuti tione miphika yosweka ya mizinda ya eni, koma khomo limene timalidutsa tsiku ndi tsiku popita kukagula buledi sitinalilowepo. A mumzinda muno salipira n'komwe, koma mwina n'chifukwa chake: chaulere timati chilibe ntchito. Amalowamo ndi alendo a zikwama kumsana ndi ana asukulu okakamizidwa.

Mayi Herminia ataona zimenezi anapezanso ntchito. Poti sakanatha kuwaveka Amayi nsalu, anaganiza zowaveka mbiri yoipa ya nyumbayo. Aliyense wongotchula za kukaonako ankamuuza kuti mukuzizira ngati m'manda, makwerero ake ndi oterera, ndipo mlendo wina anatulukamo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ngakhale Anselmo yemwe, mayi Herminia anamuuza kuti m'menemo muli nkhungu yoopsa kwa munthu wa mapapo ngati ake. Anselmo anavomera, monga ankavomerera zonse, n'kutenga kapusi yake kupita kokasewera makadi ndi anzake opuma pantchito. Mayi Herminia eni akewo anadula phazi. Ngakhale kuyang'ana khomolo sankaliyang'ana.

Koma mtima ndi mtima. Munthu amene wamusamala moyo wako wonse sungangomusiya kuseri kwa khoma osadziwa ngati akumupukuta fumbi. Miyezi inapita mayi Herminia akuonda, chakudya chikukanika kutsika. Lachiwiri lina m'mawa, Anselmo atatuluka ndi kapusi yake, iwo anavala diresi lakuda la ku maliro, n'kudzera njira ya kuseri kwa malo ogulitsira nsomba kuti asakumane ndi owadziwa.

Pakhomo anapeza Leocadio, amene amang'amba matikiti, mwana wa mnzawo wa kusukulu ngakhale nayenso tsopano ndi wadazi.

"Ha! Azakhali Herminia eni ake! Simukuopa chifuwa chija?"

"Tseka pakamwa, Leocadio. Ali kuti?"

"Chipinda chomaliza. Ingotsatani mivi."

Anatsata miviyo. Anadutsa zikho zagolide zimene palibe amamweramo, mabuku akuluakulu a nyimbo otsekula pa tsamba limodzi chaka chonse, mitu ya miyala ya oyera yopanda mphuno itandandalikidwa pa shelefu ngati kabichi. M'menemo munali mofunda bwino, moyera, makwerero ake osaterera ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri. Pakhomo la chipinda chomaliza panali chikwangwani chachikulu chokhala ndi chithunzi cha mtengo wobowoka timabowo tosawerengeka, pansi pake atalemba kuti uku ndi kuwonongeka kobwera ndi mapini a oveka. Mayi Herminia anaima n'kuyang'ana. Timabowo tina anatizindikira. Tija ta paphewa lakumanzere tinali tawo, poti mwinjiro wa Pasaka unkakonda kutsetsereka mbali imeneyo.

Analowa. Amayi anali pakati pa chipinda m'bokosi la galasi, magetsi akuwaunika mbali zonse, moti munthu ankatha kuzungulira n'kuona ndi kumsana komwe. Anali aang'ono kuposa mmene ankawakumbukira. Alendo awiri, mwamuna ndi mkazi a makabudula, anaima pamenepo kanthawi kongokwana kujambula, mkaziyo n'kuyasamula, n'kupita kukafuna chimbudzi. Palibe anakomoka. Palibe anagwira pakamwa.

Alendowo atachoka ndi pamene anaona kuti pa benchi ya patsogolo pa galasi pakhala munthu, kapusi ili pabondo. Dazi limenelo akanalizindikira ngakhale pakati pa msika.

"Anselmo!"

Anselmo anatembenuka mosadzidzimuka, ngati munthu amene wapezeka akudya zimene adokotala anamuletsa.

"Tseka maso! Tseka maso, ndikukuuza!" Anathamanga kukaima pakati pa mwamuna wawo ndi galasilo, manja atatambasula, ngakhale thupi lawo silikanabisa ndi theka lomwe. "Makadi ako ndi amenewa? Wabwera liti kuno?"

"Lachiwiri lililonse. Chisamukireni."

"Ndiye waona."

"Khala pansi, Herminia."

"Sindikhala! Ndimafuna usaone, mwamuna iwe. Zaka zonsezi ndimafuna usaone." Anali ndi chisoni chenicheni, chisoni cha munthu amene walephera ntchito imodzi yokha imene anapatsidwa.

Anselmo anazunguza kapusi yake pabondo. "Ndinawaona ndisanakufunsire n'komwe."

"Usandinamize m'nyumba ya Mulungu."

"Muno si m'nyumba ya Mulungu, muli Leocadio pakhomo. Tamvera. Inu mukamaliza kuveka mumatsekula chitseko, ife n'kuwakweza pa machila, si choncho? Ukuganiza chimawagwira n'chiyani kuti asagwe pa chitunda cha kumsika chija? Pali bawuti, imamangidwa chakunsi. Aliyense wonyamula, chaka chake choyamba, amamutuma kukwawira kunsi kwa machila ndi sipanala ndi tochi. Pamenepo pali bowo loti mutu n'kulowa. Ukaunika m'mwamba, mkati mwa mwinjiro, umaona zonse. Mitengo yopingasa, mano a sowo, zonse."

Mayi Herminia anakhala pansi osadziwa kuti akhala.

"Aliyense wonyamula?"

"Aliyense."

"Achimwene anga?"

"Achimwene ako, bambo ako, Fulgencio wogulitsa nyama, ndi uja anali meya uja. Ena ankatuluka akulira. Ine ndinatuluka nditagunda mutu. Ukatuluka umapeza mkulu wa onyamula akukudikira ndi kapu ya vinyo, nthawi yathu anali malemu Cipriano, n'kukuuza kuti, 'Waona waona, mphwanga. Koma azimayi asadziwe kuti tikudziwa. Amavutika nazo kwambiri.'"

Ndikanakonda kunena kuti mayi Herminia anaseka. Sanaseke. Anapsa mtima moti makutu ankalira. Anakumbukira kiyi amene ankagona naye m'thumba la zovala zogonera, epuloni ya pa bowo la chitseko, mabodza onse a nkhungu ndi chifuwa amene anayenera kukalapa. Theka la mzinda linkadziwa, linkangowavulira chipewa pamsewu ndi nkhope zaulemu.

"Ndiye munkatiseka. Ife tikutseka zitseko, inu mukumwa vinyo."

"Palibe ankaseka."

"Nanga tsiku lija unandifunsa za nsapato? Unkafunsiranji ukudziwa?"

"Mwamuna wosafunsa n'komwe ukanamukayikira. Cipriano ndiye anandilangiza kuti funsa kamodzi, uluze chakudya chamadzulo, ukhala pamtendere moyo wonse."

"Chitsiru iwe. Chitsiru cha munthu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anafunsa chimene chinkawavuta kwenikweni, motsitsa mawu, poti Amayi anali pomwepo. "Ndiye unkanyamula ukudziwa? Phewa lako lonselo, ukudziwa kuti ndi zimenezi?"

Anselmo anawayang'ana modabwa, ngati afunsa chinthu chimene mwana aliyense amadziwa.

"Nanga ukuganiza tinkawanyamuliranji? Wa miyendo yake amayenda yekha."

Mayi Herminia anayang'ana Amayi m'galasimo, kankhope kaja kodera, kodekha ngati kale, kosaonetsa manyazi ngakhale pang'ono. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana opanda pini m'manja, opanda choti akonze. Anakhala choncho nthawi yaitali, phewa lawo litagunda phewa lotupa lija, mpaka gulu la ana asukulu linalowa ndi phokoso, mphunzitsi wawo akuwerenga chikwangwani cha mapini mokweza.

Potuluka, Leocadio anatsekula pakamwa kuti anene kanthu, koma ataona nkhope ya mayi Herminia anayamba kusanja matikiti. Panja dzuwa linali litakwera, mabelu akuitana Misa ya masana. Awiriwo anayenda mpaka pakona ya ogulitsa buledi. Pamenepo mayi Herminia anaima n'kumugwira mwamuna wawo pamkono, zolimba.

"Lamlungu tikukaona a Sagrario ku nyumba ya okalamba. Sakudziwa kuti Amayi anasamuka, ndipo sadziwa. Nthawi zonse amandifunsa ngati chitseko ndikukhomabe, ngati palibe mwamuna waona. Ndikawauza kuti palibe. Iwe ukangoyasama, za mabawuti akozo, udzandidziwa."

Anselmo anavala kapusi yake bwinobwino.

"Ine ndingadziwe chiyani?" anatero. "Ndine mwamuna."